Mmene mungakonzere tsiku lothokoza anthu oletsa zikwanje ndi olandira otuluka kundende m'dera lanu

Kuseri kwa msika wa kwathu kuli bambo wina wowotcherera zitsulo. Shedi yake ndi ya malata ochepa ndi mitengo ya bulugama, makina ndi amodzi, ndipo magalasi otchinga m'maso anyamata amachita kubwerekana. Pa anyamata asanu amene amagwira naye ntchito, atatu anagonapo ku Chichiri. Mmodzi ndinamuona ndi maso angawa tsiku limene anatuluka. Anafika chakumasana atanyamula jumbo yakuda, muli malaya amodzi ndi kapu ya pulasitiki, mapazi ali mbuu, n'kuima chapatali ngati munthu wodikira kuti amuthamangitse. Bambo aja sanamufunse za mlandu. Anangomulozera geti limene linali pansi n'kuti, "Tagwira uko mwana wanga, tiimike." Madzulo ake anadyera mbale imodzi.

Anthu ngati bambo amenewa alipo ku Ndirande, ku Mbayani, ku Chinsapo, ku Mtandire, ku Zolozolo, ngakhalenso pa tiredingi senta yakumudzi. Ena ndi amayi amene amasungira mphika mnyamata wokanidwa ndi abale ake. Ena ndi ophunzitsa mpira amene amadziwa mwana aliyense wosuta chamba pabwalo lawo. Ena anali m'magulu a zikwanje iwo eni, ndipo lero ndiwo amadzuka pakati pa usiku kukaletsa anzawo kubwezera. Sawerengedwa paliponse, salandira alawansi, ndipo nthawi zambiri amanyozedwa kuti akuweta mbava. Ndikhulupirira ndi mtima wonse kuti dera liyenera kuwathokoza poyera. Koma kuthokoza kumeneku kukachitika mosaganiza bwino kumavulaza anthu omwewo, ndipo kukangothera pa satifiketi sikuwachepetsera katundu ngakhale pang'ono. Malangizo awa ndi a mpingo, mzikiti, komiti ya chitukuko kapena gulu lililonse lofuna kukonza tsiku lotere. Dzipatseni milungu isanu ndi itatu.

Choyamba: fufuzani, musayambe ndi mayina amene muli nawo kale

Mukangokhala pansi m'komiti n'kufunsana kuti tithokoze ndani, mayina otuluka adzakhala a anthu odziwika kale: wapampando, khansala, mwini golosale amene anapereka jezi. Ogwira ntchito enieni sapezeka pamisonkhano, amakhala ali kuntchito yomweyo.

Tumani anthu awiriawiri kuti ayende m'dera kwa milungu iwiri. Afunse amayi pamjigo kapena pakiyosiki ya madzi, anyamata a kabaza pasiteji, a nebahudi amene amalondera usiku, aphunzitsi a pulayimale, amayi a Mvano, a Dorika ndi a m'miphakati. Koposa onse afunse amene anatuluka kundende. Funso likhale lachindunji: "Tsiku limene munafika, munagona kwa ndani? Anakupatsani ganyu yoyamba ndani?" Kwa anyamata amene anasiya magulu: "Tsiku lija mumafuna kukabwezera, anakugwirani mkono ndani?" Musafunse kuti munthu wabwino m'dera muno ndani, chifukwa aliyense adzatchula m'busa wake. Dzina likatuluka pakamwa pa anthu atatu osagwirizana, lilembeni.

Nkhani ya ku Los Angeles, m'dziko la America, imandithandiza pa mfundo imeneyi. Kumeneko kuli bungwe la Homeboy Industries, lothandiza anthu ochoka m'magulu a zigawenga ndi otuluka kundende. Mu 2020 linalandira mphoto ya Hilton ya madola 2.5 miliyoni, ndipo mu 2024 amene analiyambitsa, Bambo Gregory Boyle, wansembe wa chipani cha Jesuit, anavekedwa mendulo yaulemu ndi Purezidenti Joe Biden. Koma ntchitoyo inayamba mu 1988 pa parishi yosauka ya Dolores Mission ku Boyle Heights, pamene wansembeyo anali atayamba kuika m'manda achinyamata ophedwa ndi mfuti. Ndipo amayi a m'miphakati ya parishiyo ndiwo ankatuluka usiku n'kumayenda m'misewu imene anyamata ankawomberana, akupemphera, akuimba, atanyamula chakudya choti awapatse. Kuchokera 1988 kufika 2020 ndi zaka 32. Dziko linachedwa kuona, koma oyandikana nawo ankaona usiku uliwonse. Inu ndinu oyandikana nawo a anthu a kwanuko, ndiye musadikire kuti adzatulukiridwe ndi bungwe lakunja.

Musachulutse. Anthu anayi kapena asanu pachaka akwanira. Mukatenga makumi awiri, aliyense adzangoitanidwa dzina n'kukhala pansi, ndipo mphatso idzagawika mpaka kusanduka sopo.

Chachiwiri: pemphani chilolezo, ndipo akakana mverani

Apa ndi pamene pagona nkhani. Ulemu wa dzidzidzi ndi wabwino pa tsiku lobadwa, osati pa ntchito iyi. Pitani kwa munthu aliyense amene mwamusankha, kunyumba kwake, anthu awiri okha, mumuuze zimene mukuganiza ndi amene adzakhalepo. Kenako mufunseni zinthu zitatu: kodi mukulola kutchulidwa dzina pagulu? Ndi ziti zimene tinganene, ndi ziti zoti tisanene? Pali munthu amene simukufuna kuti adzakhalepo?

Chifukwa chake n'chakuti munthu woletsa ndewu za magulu amadalira chinthu chimodzi chokha, kukhulupiridwa ndi mbali zonse. Ku Chicago, dokotala Gary Slutkin, amene anagwirapo ntchito yolimbana ndi kolera, TB ndi Edzi ku Somalia ndi ku Uganda, atabwerera kwawo anaona kuti kuphana kumafala ngati mliri: wina akaphedwa, anzake amabwezera, enanso n'kubwezera. Mu 2000 anayambitsa ntchito yotchedwa CeaseFire, imene lero ndi Cure Violence, m'dera la West Garfield Park. Amalemba ntchito anthu amene anali m'magulu omwewo, ambiri a iwo anakhalapo kundende, kuti akangomva kuti kwavuta athamangire kukaziziritsa mitima mfuti isanalire. Anthuwa sapereka nkhani kupolisi, chifukwa tsiku limene anyamata angawaganizire kuti ndi akazitape, ntchito yatha ndipo moyo wawo uli pachiswe. Njira yomweyi inafika ku Hanover Park mumzinda wa Cape Town kudzera mwa m'busa Craven Engel, ndipo abale athu amene amakhala kumeneko amadziwa mmene madera amenewo amaopsera.

Kwathu kuno mfuti n'zochepa, koma chikwanje ndi mpeni zimaphanso, ndipo mtima wa munthu ndi umodzimodzi. Mukamuimika woletsa ndewu uja pansanja pambali pa mkulu wa polisi, wolengeza n'kunena pa chimkuzamawu kuti "uyu ndi amene amatithandiza kugwira mbava", mwamupha ndi manja anu. Ngati iye wanena kuti sakufuna kuonekera, mpatseni ulemu wake kunyumba, madzulo, pamaso pa mfumu ndi anthu awiri atatu. Ulemu wotere suchepa.

Chimodzimodzi ndi otuluka kundende amene anathandizidwa. Pali chizolowezi choitana mmodzi kuti "apereke umboni", afotokoze zonse zimene anaba ndi amene anawavulaza, anthu akuwomba m'manja. Ine chizolowezi chimenechi ndimachikana. Munthuyo mawa akafuna nyumba ya lendi, mwini nyumba anali pomwepo ndipo anamva zonse. Mwana wake ali kusukulu ndi ana a anthu amene anamvetserawo. Ngati wina akufuna yekha kulankhula, khalani naye tsiku lisanafike, mumve zimene adzanene, ndipo mumulimbikitse kulankhula za amene anamulandira koposa za mlandu wake. Akasintha maganizo mmawa wa tsikulo, msiyeni.

Za ana ndiye palibe kukambirana. Aliyense wosakwana zaka 18 amene anapalamulapo, kaya anapita kumalo osungirako ana olakwa ku Mpemba kaya ku Chilwa, asatchulidwe dzina, asajambulidwe, asalozedwe. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limateteza mwana wotere kuti asaululidwe, ndipo ngakhale lamulolo likanapanda kukhalapo, umunthu umatiuza zomwezo.

Chachitatu: kaoneni amene anavulazidwa

M'dera lomwelo muli mayi amene ali ndi chipsera cha chikwanje pamkono, muli bambo amene anabedwa njinga yamoto imene anatenga pangongole, mwinanso muli banja limene linaika maliro. Akangomva pa chimkuzamawu kuti Loweruka kuli mwambo wa "akaidi", mtima udzawawa, ndipo adzakhala ndi chifukwa. Adzati wakuba akulandira ulemu, wobedwa ayi.

Pitani kwa iwo musanalengeze chilichonse. Tengani mfumu kapena mkulu wa mpingo amene banjalo limamulemekeza. Khalani pamphasa, perekani moni wonse, ndipo yambani ndi kumva mmene akukhalira. Kenako fotokozani momveka kuti amene akuthokozedwa ndi anthu oletsa kuti zimene zinawagwera iwo zisagwerenso wina. Musawapemphe kuti akhululuke. Kukhululuka ndi kwawo, kudzabwera pa nthawi yake kapena osabwera, ndipo si inu oti muwaikire tsiku. Auzeni kuti ali omasuka kubwera kapena kukhala, ndipo afunseni ngati angalole kuti pamwambopo pakhale kanthawi kokumbukira ovulazidwa ndi omwalira.

Izi zinayesedwapo kale m'dziko muno pa milandu yaikulu kuposa ya m'dera lanu. Mu 2007 Khoti Lalikulu linagamula pa mlandu wa Kafantayeni kuti sikoyenera kuti aliyense wopezeka ndi mlandu wakupha azingopatsidwa chilango chonyongedwa popanda woweruza kuona mmene zinakhalira. Kuyambira mu 2015 akaidi amene anali pa chilango chimenechi ku Zomba anayamba kuweruzidwanso, ndipo oposa 100 anatulutsidwa. Iwo asanafike kwawo, ogwira ntchito a bungwe la PASI, lothandiza anthu pa nkhani za malamulo, ankapita m'midzi kukakumana ndi mafumu, abale a mkaidi ndi abale a womwalira. Anthu amene anakhala kundende zaka khumi ndi zisanu kapena makumi awiri anabwerera n'kukalima m'midzi yawo. Chinatsegula njira ndi ulendo uja woyamba, wokakhala pansi ndi anthu munthuyo asanatulukire pamsewu.

Mudzapeza ena okwiya kwambiri, okana ngakhale kukupatsani mpando. Musatsutsane nawo. Thokozani, tsanzikani, ndipo dzina lawo lisatchulidwe pamwambo. Ngati pa mphatso zanu pangatsale kanthu, banja lovulazidwa limene likuvutika likumbukiridwe mwakachetechete.

Chachinayi: komiti ndi ndalama

Anthu asanu ndi awiri akwanira, amayi asachepere atatu, ndipo mmodzi akhale woti anakhalapo kundende. Ameneyo adzakuuzani zinthu zimene enanu simungaziganize. Ndalama zisonkhedwe m'dera momwemo: mipingo, mzikiti, magulu a banki m'khonde, mavenda, ndi ana a m'dera amene ali ku Johannesburg kapena ku UK. Nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ikhale imodzi, buku likhale limodzi, osunga akhale awiri, ndipo Lamulungu lililonse muziwerengera anthu zimene zalowa ndi zimene zatuluka.

Wandale akafuna kuthandiza, landirani ngati mmene mungalandirire kwa wina aliyense, koma nsalu za chipani, mbendera ndi anyamata ake ovina zitsale kunyumba. Tonse tikudziwa kuti pa nthawi ya kampeni anyamata omwewa ndi amene amapatsidwa mowa ndi zikwanje.

Chachisanu: mphatso ikhale yogwira ntchito

Chaka choyamba chimene tinakonza tsiku lotere kwathu, ife tinalakwitsa pamenepa, ndipo mpaka lero zimandipweteka. Ndalama zambiri zinapita ku tenti, mipando yobwereka, zakumwa ndi masatifiketi a m'mafelemu. Patapita sabata ndinadutsa pashedi ya bambo owotcherera aja. Satifiketi inali itapachikidwa pamsomali, yoyera bwino, koma anyamata awiri anali atangokhala pa matayala. Chopukusira zitsulo chinali chitapsa miyezi iwiri m'mbuyomo, oda ya mawindo inawadutsa, ndipo bambowo ankaganiza zouza mmodzi kuti ayambe wakhala kunyumba. Palibe mmodzi wa ife amene anawafunsa. Ndalama ya tenti yokha ikanagula chopukusiracho.

Choncho tsatirani lamulo ili: pa ndalama zonse zimene mwasonkha, magawo awiri mwa atatu apite ku mphatso, gawo limodzi ku mwambo. Ndipo mphatso musaiganizire nokha. Pa ulendo uja wopempha chilolezo, funsani kuti, "Pa ntchito imene mukugwirayi, chikukusowetsani tulo n'chiyani?" Kalipentala adzati pulena kapena matabwa. Telala adzati makina achiwiri kuti wophunzira asamadikire. Wa mpira adzati mipira iwiri ndi ndalama yolembetsera timu mu ligi. Mayi wophikira anyamata adzachita manyazi, mwina adzati palibe, koma yang'anani nokha: thumba la chimanga, makala, mphika waukulu, mphasa ina. Gulani chinthucho, musapereke envelopu, pokhapokha mwini wake atanena kuti vuto ndi lendi.

Mphatso yoposa zonse ndi oda. Aku Homeboy aja ankalemba pa malaya awo mawu akuti palibe choimitsa chipolopolo ngati ntchito. Mu 1992, chipolowe chachikulu cha ku Los Angeles chitangotha, anatsegula bekale kuti anyamata a magulu odana aziphika buledi limodzi. Bekaleyo inapsa ndi moto mu 1999, koma anadzaimanganso, ndipo lero ali ndi malo odyera, amasindikiza malaya, amafufutanso kwaulere zizindikiro za magulu zimene anthu anajambulitsa pakhungu. Zonsezi zimayenda chifukwa pali anthu amene amagula. Ifenso tingathe. Mpingo ukufuna mabenchi khumi? Sukulu ikufuna kukonzetsa madesiki? Pali amene akumanga ndipo akufuna mafelemu a zitseko? Komiti iyende isanafike tsikulo, isonkhanitse maoda atatu kapena anayi enieni, okhala ndi dipoziti, ndipo adzawerengedwe pamwambo. Ngakhale za tsikulo zichokere kwa iwo omwewo: mabenchi apange ndi anyamata a pashedi, thobwa ndi mandasi mugule kwa amayi otuluka kundende, amene nthawi zambiri timawaiwala ngati kuti kundende kumapita amuna okha.

Satifiketi si yoipa. Munthu amene wakhala akutchedwa woweta mbava amasangalala kuona dzina lake litalembedwa ndi sitampa ya mfumu. Ingoonetsetsani kuti ikubwera pamwamba pa chopukusira, osati m'malo mwake.

Chachisanu ndi chimodzi: malo, tsiku ndi apolisi

Sankhani malo amene mbali zonse zingafikeko mopanda mantha. Ngati anyamata a kumtunda sadutsa mlatho kupita kumunsi, bwalo lisakhale la mbali imodzi. Sukulu ya pulayimale kapena bwalo la tchalitchi la pakati limathandiza. Funsani mnzanu uja wa m'komiti amene akudziwa malirewo. Mwambo ukhale Loweruka mmawa, uyambe 9 koloko, ufike 12 koloko utatha, anthu asanayambe kumwa. Mowa usapezeke, ngakhale wogulitsa pageti. Pewani sabata ya malipiro, nthawi ya kampeni, ndi masiku oyandikana ndi maliro a munthu wophedwa.

Apolisi adziwitseni ndi kalata milungu iwiri isanakwane, ndipo itanani wapolisi woona za chitetezo cha m'madera, amene anthu amamudziwa kale nkhope. Mupempheni abwere yekha kapena ndi mnzake mmodzi, akhale pakati pa anthu, ndipo mugwirizane kuti tsikulo si losakira munthu. Galimoto yodzaza ndi amfuti ikaima pageti, theka la amene mumawafuna lidzathawa. Mantha amenewa ali ndi pochokera. Kwa zaka zambiri achinyamata osauka ankatoledwa usiku pa lamulo la vakabu popanda mlandu weniweni, mpaka mu Januwale 2017 pamene Khoti Lalikulu ku Blantyre linagamula kuti gawo lina la lamulolo likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Anakasuma anali Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo amene anamangidwa m'bandakucha mu 2015 akupita ku Limbe ndi malonda ake. Anyamata ambiri a m'dera lanu anagonapo m'selo mwanjira yomweyo, ndipo sanaiwale.

A nebahudi muwaitane ndi kuwathokoza, koma zibonga ndi zingwe azisiye. Ndi mpata wabwino woti mfumu inene poyera kuti wogwidwa akuba apite kupolisi ali wamoyo, osati kumuveka tayala.

Chachisanu ndi chiwiri: tsiku lenilenilo

Othokozedwa akhale kutsogolo pamipando yabwino, pamodzi ndi akazi kapena amuna awo, chifukwa iwonso anasunga mlendo m'nyumba ndipo anapirira zonena za anthu. Alendo olemekezeka akhale pambuyo pawo. Zidzawadabwitsa, koma auzenitu m'kalata yowaitana.

Yambani ndi pemphero, ndipo ngati m'dera muli Akhristu ndi Asilamu, onse apatsidwe mpata. Kenako kanthawi kachete kokumbukira ovulazidwa ndi omwalira. Mfumu ilankhule mphindi zisanu. Zitatero, munthu aliyense wothokozedwa anenedwe ndi amene amamudziwa bwino, osati ndi wolengeza wowerenga pepala. Wonenayo asachulutse mawu oyamikira ngati akuti ndi munthu wachikondi, wodzipereka. Anene chimene anachita: "Mayi awa, chaka chatha mwezi wa Febuluwale, mvula ikugwa, anatsegulira mnyamata amene amalume ake anamutsekera chitseko. Anagona pakhitchini pawo miyezi inayi. Lero ali ndi malo ake pamsika." Mawu otere amalowa mumtima, ndipo womva amadziwa kuti nayenso angathe.

Wolengeza mwambo mukhale naye pansi tsiku lisanafike, chifukwa lilime lake likhoza kuwononga zonse. Mawu akuti "kaidi", "chigawenga chakale", "mbava yolapa" asatuluke. Munthu amene anamaliza chilango chake si mkaidinso. Anene kuti "achimwene athu amene abwerera", "achemwali athu", kapena angotchula dzina ndi ntchito: akalipentala, atelala. Nthabwala za ndende, za nyemba ndi mgaiwa, za nyapala, zisakhalepo, ngakhale anthu aziseka.

Mphatso ziperekedwe ndi manja awiri, amayi alulutire, ndipo maoda aja awerengedwe mmodzimmodzi pamodzi ndi dzina la woitanitsa, kuti asadzabwerere m'mbuyo. Wothokozedwa akafuna kuyankha, mpatseni nthawi; akangoti "zikomo" n'kukhala pansi, musamukakamize. Kwaya kapena gule alowe pakati kuti anthu apume. Pomaliza idyani pamodzi, mzere umodzi, mbale zofanana, popanda chipinda cha akuluakulu. Kwa munthu amene wakhala zaka akulandira chakudya kamodzi patsiku pamzere wa ndende, kuona mfumu itaima pambuyo pake ndi mbale m'manja si chinthu chaching'ono.

Wojambula akhale mmodzi wosankhidwa ndi komiti, ndipo lengezani poyamba kuti ena asajambule. Chithunzi chilichonse chisanapite pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp, mwini nkhope achione ndi kuvomera. Chikapita pa intaneti sichibwerera, ndipo bwana amene adzafune kumulemba ntchito zaka zitatu zikubwerazi adzachipeza.

Chomaliza: Lolemba lotsatira ndi miyezi yotsatira

Komiti isabalalike tenti ikatsika. Musanachoke pabwalo, gwirizanani tsiku lokumananso pakatha mwezi umodzi, ndipo aliyense wa inu atenge munthu mmodzi wothokozedwa woti azimuyendera. Lamulungu lotsatira werengerani anthu ndalama zonse mpaka tambala yomaliza.

Poyendera paja mudzapeza ntchito zing'onozing'ono zimene olandira anzathuwa amalimbana nazo okha. Wotuluka kumene nthawi zambiri alibe chiphaso cha unzika, ndipo popanda chimenecho sangalembetse nambala ya foni kapena kutsegula akaunti. Wina amuperekeze ku ofesi ya kalembera kwa DC. Za thanzi musazengereze. Ndende zathu n'zodzaza kwambiri, moti mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, khoti linanena kuti kuthithikana kotero ndi nkhanza kwa munthu. Ambiri amatuluka ndi mphere, chifuwa chosatha kapena thupi lotupa. Wotsokomola milungu iwiri akayezetse TB, ndipo amene ankamwa ma ARV kundende asadumphitse ngakhale sabata. M'perekezeni kuchipatala ndi buku lake. Pa za luso, funsani ku TEVETA za maphunziro a m'dera lanu, ndipo dziwani kuti a Prison Fellowship Malawi ali ndi nyumba ku Balaka yophunzitsa ntchito zamanja anthu ochokera kundende. Pakakhala nkhani ya malamulo, monga wina wokhalitsa pa rimandi, a PASI ndi a bungwe la CHREAA ndi amene amayenda m'ndende ndi m'makhoti.

Konzekeraninso tsiku limene mmodzi mwa anyamata aja adzalakwenso, chifukwa lidzafika. Kwathu linafika patatha miyezi isanu ndi iwiri: mmodzi anagwidwa ndi foni yakuba, ndipo pofika madzulo msika wonse unkati, "Si awo munkawaombera m'manja aja?" Bambo owotcherera sanatuluke m'nyumba masiku awiri. Tsiku lotere, awiri a m'komiti apite kwa wothokozedwa uja dzuwa lisanalowe, akakhale naye pakhonde poonekera, kuti odutsa aone. Wina apite kwa wobedwa, akamve ndi kuthandiza kuti katundu abwezedwe. Mlandu usiyidwe m'manja mwa apolisi ndi khoti, osaubisa komanso osaukometsa. Oda ya mabenchi isalandidwe, chifukwa anyamata anayi otsalawo sanabe kanthu. Ndipo mnyamatayo akaweruzidwa, funsani masiku oonera akaidi pandende imene ali, mulembe m'buku la komiti amene adzapite mwezi uno ndi amene adzapite mwezi wamawa, atanyamula sopo, shuga, mchere ndi kandiwo kouma.